Pansi pa nyanja, malire a gulu ndi a wongoyamba kumene

Boti likamanyamuka m'mawa pa Chembe, ku Cape Maclear, kulowera ku chilumba cha Thumbi, mumakhala anthu osiyana kwambiri. Wina watsikapo pansi pa madzi kambirimbiri ndipo zida amavala akucheza. Wina maphunziro anamaliza sabata yatha. Wina anaphunzira zaka zisanu zapitazo, kuchokera pamenepo sanaberekenso silinda ya mpweya. Onsewa akufuna kuona mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, timene tinathandiza kuti UNESCO iike Lake Malawi National Park m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Wowatsogolera ndi mmodzi yekha.

Lamulo limene wotsogolera wabwino amatsata ndi lakuti gulu lonse litsike mpaka pamene munthu wosazolowera kwambiri akuloledwa kufika. Bungwe la PADI, lomwe limapereka ziphaso za masewera a scuba m'maiko ambiri, limalola wokhala ndi chiphaso choyamba cha Open Water kufika mamita 18. Wa Advanced amafika mamita 30, ndipo wongolawa kwa tsiku limodzi pamodzi ndi mphunzitsi sapitirira mamita 12. Katswiri akadandaula kuti ulendo wachepa, njira ndi kugawa gulu pawiri, lililonse ndi wolitsogolera wake. Kukokera wongoyamba kumene kozama n'kusewera ndi moyo wake.

Chifukwa chake chili pa kulemera kwa madzi. Pa mamita pafupifupi 10 aliwonse, madzi amawonjezera mphamvu yopanikiza thupi yofanana ndi ya mpweya wonse wa mlengalenga. Pa mamita 10 thupi limapanikizika kawiri, pa mamita 20 katatu. Choncho kupuma kamodzi pa mamita 20 kumachotsa m'silinda mpweya wochuluka katatu poyerekeza ndi pamtunda. Wongoyamba kumene amapuma mwaphuma chifukwa cha mantha, amapalasa ndi manja, amakwera ndi kutsika posadziwa bwino kuyandama pamalo amodzi. Silinda yomwe anayamba nayo ili pa 200 bar imathamangira ku 50 bar, pomwe munthu ayenera kukhala atafika kale pamwamba, mnzake wozolowera akadali ndi theka.

Apa ndi pamene pamandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa vuto lake ndi manyazi. Munthu amaona geji ya mpweya ikutsika koma amangokhala chete, kuopa kuti anzake amuona ngati wawadulira chisangalalo. Ena amanama asanakwere n'komwe m'boti, akafunsidwa kuti anatsika liti komaliza. Wotsogolera sangateteze munthu amene wamubisira zoona. N'chifukwa chake amafunsa aliyense payekha kuti wakhala nthawi yaitali bwanji osatsika, ngati ali ndi chimfine chomwe chingatseke makutu, ngati ali ndi mphumu kapena vuto la mtima, ndipo pansi pamadzi amafunsa geji pafupipafupi ndi zizindikiro za manja. Aliyense ali ndi ufulu wothetsa ulendo nthawi iliyonse popanda kufotokoza chifukwa. Chizindikiro chake ndi kukweza chala chachikulu m'mwamba. Pamtunda chimenechi chimatanthauza kuti zonse zili bwino, koma m'madzi chimatanthauza kuti tikwere, ndipo atsopano ambiri amasokoneza.

Kuyenda awiri si mantha. Aliyense amapatsidwa mnzake, amayenderana zida asanalowe m'madzi, ndipo satalikirana, kuti wina mpweya ukamuthera apumire pa paipi yachiwiri ya mnzakeyo. Wozolowera amene wavomera kuyenda ndi watsopano wavomeranso kuti maso ake sakhala pa kamera pokha.

Ngozi zazikulu zimachitika pokwera. Mpweya umene uli m'mapapo umafufuma munthu akamakwera, moti wopumidwa pa mamita 10 umakula kawiri pofika pamwamba. Wochita mantha akathawira kumwamba atagwira mpweya angathe kung'amba mapapo, ngakhale pamadzi osazama. Palinso mpweya wa nayitrojeni umene umalowerera m'magazi ndi m'minofu pamene munthu ali pansi. Akakwera mofulumira, mpweyawo umatuluka ngati thovu m'thupi. Choncho gulu limakwera pang'onopang'ono, osapitirira mamita 18 pa mphindi, ndipo makompyuta ambiri ovala pamkono amafuna liwiro locheperapo. Pa mamita 5 onse amaima mphindi zitatu.

Nyanja yathu ili ndi chake chomwe alendo ozolowera nyanja zamchere amaiwala. Ili pamtunda wa mamita pafupifupi 500, ndipo kutsika m'madzi pamalo okwera kupitirira mamita 300 kumafuna kuwerengera nthawi mosamala kwambiri, popeza mpweya wakunja ndi wopepukirapo. Ndiye pali msewu. Kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 50, koma galimoto imakwera kufika pamtunda wopitirira mamita 1,200. Wochoka ku Cape Maclear kudzera pa Golomoti kupita ku Dedza amakwera kuposa apo. Bungwe la Divers Alert Network limalangiza kudikira maola osachepera 12 munthu asanakwere ndege ngati watsika kamodzi, ndi maola 18 ngati watsika kangapo. Kukwera phiri pa galimoto kumafunanso kudikira, chifukwa nayitrojeni wotsala m'thupi amafufuma chimodzimodzi.

Munthu akayamba kumva kupweteka m'mfundo, dzanzi, chizungulire, kufooka kwachilendo kapena zidzolo patapita maola angapo atatuluka m'madzi, asaganize kuti ndi kutopa chabe kapena malungo. Apatsidwe okosijeni msanga, asabwererenso m'madzi, ndipo pofika kuchipatala auze dokotala kuti anatsika mamita angati, kangati, komanso nthawi yanji.