Mbalame za m'Tchire la Kabwe ndi Mikuyu Yake

Munthu wongomva mbiri ya Kabwe ali kutali, mbiri ya mtovu umene mgodi wa Broken Hill unasiya m'dothi kuyambira pamene miyala yake inapezeka mu 1902 kufikira pamene unatsekedwa mu 1994, angayese kuti mzindawu ndi bwinja losaterapo ngakhale khwangwala; koma iye amene alawira mbandakucha kuchokera ku Bwacha, nalondola tinjira totulukira kutchire mame asanakamuke, adzamva njiwa, pumbwa ndi nkhwali zikulandizana nyimbo, ndipo adzabwerako ndi umboni wina.

Alipo anthu, ngakhale ali owerengeka, amene amayenda m'tchiremo atakoleka m'khosi magalasi oonera patali, buku lili m'manja, osafuna ndiwo kapena nthenga, koma kupenya ndi kulemba basi. Ena mwa iwo ndi a bungwe la BirdWatch Zambia, limene linabadwa mu 1969 likutchedwa Zambian Ornithological Society. Anansi amawaseka, nafunsa phindu la kutsata mbalame imene sudzaiwamba. Komatu ine ndiyesa kuti mnyamata wa legeni ndi ulimbo, amene adziwa mtengo umene nkhanga zigonamo ndi nthawi imene zitsikira kumadzi, ali kale katswiri wa ntchito yomweyi, kungoti palibe anamuuza. Onse awiri anaphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wofuna mbalame za m'madzi alunjike kumadzulo, ku dambo lalikulu la Lukanga m'dziko la Alenje, limene linalowa m'kaundula wa Ramsar mu 2005. Kumeneko nkhwazi, imene ambiri amangoiona pa mbendera, imalira pamwamba pa mabwato a asodzi. Akakowa, atsekwe ndi avuwo amadya m'mphepete mwa bango, ndipo wamwayi angaone mphoyo ya m'madzi yotchedwa sitatunga ikubisala m'gumbwa. Udzu woyandama wa Salvinia, wochokera ku South America, utaphimba madzi nutsekereza maukonde, a BirdWatch Zambia anabweretsa tianankafumbwe toudya, pakuti mankhwala akanapha nsomba pamodzi ndi udzuwo.

Koma chuma chenicheni cha dera lino chili kumwera, m'mafamu a ku Chisamba, panjira ya ku Lusaka. Kumeneko kuli kambalame koyera mutu ndi chifuwa, kofiira mozungulira diso, kakuda mapiko, kamene azungu anakalemba m'mabuku mu 1920 nakatcha Chaplin's barbet polemekeza Sir Drummond Chaplin, mkulu wa boma la atsamunda, ndipo lero kamatchedwanso Zambian barbet. Ndipo dzina latsopanoli lakayenera, popeza pansi pa thambo lonse sikapezeka kwina koma m'Zambia muno. Moyo wake wonse uli pa mkuyu: kamadya nkhuyu zake, kamagogomola chisa m'nthambi yake youma, ndipo kakafuna kulengeza malire a dera lake, kakamuna ndi kakakazi timatera pamwamba pake, ndi kusokosera pamodzi.

Apa ndipo pagona nkhani. Pakati pa Kabwe paima mkuyu waukulu wotchedwa Big Tree, umene boma linausandutsa chikumbutso cha fuko chifukwa makolo a mzindawu ankasonkhana pamthunzi pake. Mtengo umenewo palibe angaukhudze ndi nkhwangwa. Abale ake a kutchire alibe mwayi wotere. Wotsegula munda amaugwetsa kuti chimanga chione dzuwa, ndipo nthambi youma ija, imene kwa mbalameyi ndiyo nyumba, kwa mayi wofuna nkhuni ndiyo yoyamba kuthyoledwa, pakuti siifuna kuyanika. Sindingamdzudzule mayiyo, amene ana ake ayenera kudya madzulo. Koma mkuyu sukula m'chaka chimodzi, ndipo nkhanga zidapangana kusanapse. N'chifukwa chake mbalameyi inalembedwa m'gulu la zimene zili pangozi ya kutha, ndipo malo amene ikali yochuluka ndiwo mafamu a ng'ombe, kumene eni ake amasiya mikuyu kuti ziweto zipeze mthunzi.

Ngakhale kumeneko mtendere wake ndi wochepa, chifukwa mtundu wina wa nsadzu, mbale wa mbalame ija yotsogolera alenje ku njuchi, umazemba nuikira dzira m'phanga lomwelo, ndipo mwana wake akaswa amapha ana a eni chisa, naleredwa yekha.