Mutu 6: Uchi ngati mankhwala, nzeru za ku India ndi za kwathu

M'makomo ambiri a ku Chipata, Katete ndi Chadiza, uchi sasungira kudya kokha. Mwana akagwidwa ndi chifuwa amamunyambititsa pang'ono, ndipo wina akapsa ndi phala amamupaka pabala. Amwenye amene anayamba kufika ku Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, cha m'ma 1905 kuchokera ku Gujarat, anabwera kuchokera kudziko kumene zizolowezi zoterezi zinalembedwa m'mabuku zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Tikaika nzeru zawo pambali pa zathu, timaona bwino kuti ndi uchi wotani umene umachiritsa, ndiponso pamene mphamvu yake imathera.

Zimene asing'anga a ku India analemba

Njira yakale yochiritsira ya ku India imatchedwa Ayurveda, ndipo mabuku ake akuluakulu ndi Charaka Samhita ndi Sushruta Samhita. Mu buku la Sushruta, amene amadziwika ndi luso long'amba ndi kusoka mabala, uchi unagawidwa m'mitundu 8 malinga ndi njuchi zimene zaupanga. Asing'angawo ankaupaka pazilonda pamodzi ndi mafuta ochokera ku mkaka wa ng'ombe. Wodwala chifuwa ankamupatsa uchi wosakaniza ndi ufa wa jinja ndi tsabola wakuda. Ankaugwiritsanso ntchito pomwetsera mankhwala owawa, pokhulupirira kuti umathandiza mankhwalawo kulowerera m'thupi.

Anaikanso malamulo. Lalikulu linali lakuti uchi usaphikidwe kapena kutenthetsedwa, chifukwa ankati ukatero umasanduka poizoni. Ankasiyanitsanso uchi watsopano, umene ankati umanenepetsa, ndi wogonera chaka, umene ankati umachepetsa mafuta m'thupi. Asilamu a ku India nawo ali ndi njira yawo yotchedwa Unani, imene imalemekeza uchi kwambiri, ndipo sura ya 16 ya Korani inapatsidwa dzina la njuchi. Amwenye ambiri a ku Chipata ndi Asilamu.

Mphamvu yake imachokera kuti?

Pa magawo 100 a uchi wokhwima, pafupifupi 80 ndi shuga, ndipo madzi safika 20. Tizilombo toyambitsa matenda tikagweramo, shugayo amatiyamwa madzi mpaka tife. Uchi ulinso ndi asidi amene tizilombo tambiri sitingathe kukhalamo. Chachitatu n'chakuti njuchi zimathiramo madzi a m'thupi mwawo, amene akakumana ndi chinyezi cha pachilonda amatulutsa pang'onopang'ono hydrogen peroxide, mankhwala omwe aja amatsukira mabala kuchipatala.

Apa ndi pamene lamulo la ku India limaonekera nzeru zake. Asayansi sanapeze kuti uchi wophika ndi poizoni, koma anatsimikiza kuti moto umawononga mphamvu yachitatuyi. Mu 2015 bungwe la Cochrane linasanthula kafukufuku wosiyanasiyana, wambiri wa mabala a moto wochitikira ku India komweko, ndipo linapeza kuti mabala osazama amapola msanga ndi uchi kusiyana ndi nsalu zomangira wamba. Mu 2018 linapezanso kuti uchi umachepetsa chifuwa cha ana kusiyana ndi kungowasiya osawapatsa kanthu.

Mankhwala amayambira pamng'oma

Uchi wa kuno kum'mawa kwa Zambia umachokera makamaka ku maluwa a mombo ndi mtondo, ndipo alimi amafula kawiri pachaka: chakumayambiriro kwa dzinja, cha mu Novembala ndi Disembala, ndiponso nyengo yachisanu ikamayamba, cha mu Meyi ndi Juni. Ubwino wake umadalira dzanja la wofulayo. Akatenga zisa zimene njuchi sizinamate ndi phula, uchi umakhala ndi madzi ambiri ndipo umasasa. Akafinyira pamodzi ndi ana a njuchi, umaonongeka msanga. Akauwiritsa mumphika kuti phula liyandame, kutsekemera kumatsala koma mphamvu yochiritsa imachepa. Uchi woyenera ndi wa zisa zomatidwa, wosefedwa wosayandikira moto, wosungidwa m'botolo louma lotsekeka bwino.

Mitengo nayo tiyenera kuiganizira. Mng'oma wa khungwa umapha mtengo umene wasendedwa, ndipo moto wosiyidwa ndi ofula uchi umatentha tchire. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 kuchigwa cha Luangwa, limapatsa alimi ming'oma yamakono ndi kuwagula uchi umene umagulitsidwa pa dzina la It's Wild!. Mlimi amene wapeza ndalama mu uchi saona chifukwa chodulira mombo kuti awotche makala.

Malire a uchi

Mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe uchi ngakhale kadontho, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo timene timafooketsa minofu ya khanda mpaka kulephera kupuma. Wodwala matenda a shuga akumbukire kuti uchi nawo ndi shuga. Munthu akapsa, choyamba ndi kuthira madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, ndipo bala lalikulu, lozama kapena lotulutsa mafinya n'lofunika dokotala. Uchi umene amagwiritsa ntchito m'zipatala umayamba wayeretsedwa mwapadera, choncho si wofanana ndi wogula m'mbali mwa msewu. Chifuwa chopitirira milungu iwiri chingakhale TB, ndipo mwana wopuma mothamanga angakhale ndi chibayo. Oterewa apite msanga kukiliniki yapafupi kapena ku Chipata Central Hospital.

Asing'anga a ku India anautama uchi, komanso sanaleke kulemba nthawi zoyenera kuupewa. Ifenso tikamaphunzitsa ana athu kufula ndi kusunga uchi wabwino, tiziwauzanso matenda amene uchiwo sungathe kuchiza.