Ludzu la Mtengo ku Amazon ndi m'Miombo

Chilala cha El Niño cha mu 2015 ndi 2016 chinagwa ku Amazon, chinagwanso m'nkhalango zathu za miombo. Mvula inasowa konsekonse, koma mitengo ya mbali ziwirizi sifa imfa imodzi.

Mtengo uliwonse umakoka madzi ndi mizu n'kuwakweza m'timitsempha mpaka kumasamba. Dothi likauma gwa, mpweya umalowa m'timitsemphamo, madzi n'kuduka panjira, nsonga n'kuyamba kuuma. Mitengo yambiri ya ku Amazon ngoziyi imaipeza itavala masamba, pakuti inazolowera mvula ya miyezi yambiri. Mombo ndi mchenga zimaizemba poyoyola masamba m'chilimwe, pakuti chaka ndi chaka zimatha miyezi isanu kapena kuposerapo osaona dontho.

Ku Caxiuanã, m'chigawo cha Pará ku Brazil, akatswiri anatchinga hekitala imodzi ndi mapulasitiki kuyambira mu 2002 kuti theka la mvula lisafike m'nthaka. Zaka zoyambirira nkhalangoyo inapirira. Kenako imene inayamba kufa ndi mitengo italiitali, yomwe munthu akanaiyesa yolimba, chifukwa madzi amayenda mtunda wautali kuti afike kunsonga komwe dzuwa limaomba osaleka. M'miombo mtengo waukulu ndiwo umalimba. Mu Seputembala, fumbi lili kobo, umatulutsa masamba anthete ofiira, mizu yake ikumwa pansi pomwe khasu silifika. Timitengo tating'ono ndito timavutika.

Tisafulumire kunena kuti miombo ilibe nkhawa. Chilala chimabwera ndi moto, ndipo moto mbali zonse ziwiri amayatsa ndi anthu. Ku Amazon amayatsa polambula malo odyetsera ng'ombe. Motowo umalowerera m'nkhalango, n'kumayenda pang'onopang'ono m'masamba ouma, osapitirira m'mawondo, koma khungwa la mitengo ya kumeneko ndi lopyapyala, moti ina imafa patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Kwathu kuno amayatsa posaka mbewa ndi pososa; khungwa la mombo ndi lochindikala, koma moto wa mu Okutobala umapsereza mphukira zonse.

Chinanso n'chakuti chilala cha m'miombo chimadzera kumunda. Chimanga chikapserera, monga mu 2024 pamene maboma 23 a m'Malawi analengezedwa kuti ali pangozi, nkhwangwa imalowa m'nkhalango ndipo matumba a makala amandanda m'mbali mwa msewu. Bambo wotentha makalawo sindimuweruza, ana ake akufuna ufa. Koma mtengo womwe ludzu linaulephera umagwa tsiku limodzi.

Mtengo wautali ukafa ku Amazon umasiya mpata, dzuwa limafika pansi n'kuumitsa zinyalala, moto wotsatira n'kupeza poyambira. Mombo ukadulidwa chitsa chimaphukanso, bola mbuzi ndi moto zichileke kwa zaka zingapo.