Lendi ya Ophunzira: Kupeza Pogona Kunja kwa Mpanda wa Yunivesite

Pamene Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa ku Blantyre m'chaka cha 1965, ophunzira oyamba adalipo 90 okha, ndipo m'zaka zoyambirira zimenezo kusankhidwa kupita ku yunivesite kunkatanthauzanso kupatsidwa bedi ndi chakudya ndi sukulu yomweyo. Ngakhale pamene koleji yake ya Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973, mahositelo, omwe ndi nyumba zogonamo ophunzira za m'kati mwa sukulu, adamangidwa molingana ndi chiwerengero cha masiku amenewo. Lero mayunivesite a boma alipo asanu ndi imodzi, kuphatikizapo MUBAS ndi KUHeS zomwe zidayamba kudziimira pazokha mu 2021, ndipo pambali pa amenewa pali ena a mipingo ndi a anthu wamba, koma ophunzira achuluka mofulumira kuposa momwe mahositelo akumangidwira. N'chifukwa chake wachinyamata amene dzina lake latuluka pamndandanda wa bungwe la National Council for Higher Education, lomwe limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira a mayunivesite a boma, nthawi zambiri amayamba kusaka nyumba ya lendi asanaone n'komwe khomo la kalasi.

Kuchepa kwa malo kumeneku kwabala msika wapadera m'madera ozungulira masukuluwa, ndipo msikawu umasiyana malinga ndi mzinda. Ku Zomba dzina lomwe limamveka kwambiri ndi Chikanda, dera loyandikana ndi yunivesite, komwe eni malo ambiri adamanga midadada, kutanthauza zipinda zondondozana pansi pa denga limodzi zokhala ndi bafa ndi chimbudzi chogwiritsa ntchito anthu onse, pamene ophunzira ena amakapeza malo kutaliko monga ku Matawale ndi ku Chinamwali. Ku Blantyre wophunzira wa MUBAS kapena KUHeS amalimbirana nyumba za ku Chitawira, Nkolokosa ndi Zingwangwa ndi anthu apantchito omwe amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, kotero mwini nyumba alibe chifukwa chomunyengerera. Ku Mzuzu ambiri amadzaza Luwinga, ndipo ku Bunda, komwe sukulu ya zaulimi ili kutali ndi mzinda wa Lilongwe, nyumba zoyenera n'zochepa mwakuti amene ali nazo amatchula mtengo mosaopa kuti wina amulanda alendi.

Pamsika wotere wophunzira, makamaka wa chaka choyamba, ndiye amakhala wofooka, chifukwa amafika pamodzi ndi anzake mazanamazana m'sabata imodzi yomweyo, sadziwa dera, ndipo ndalama zomwe wanyamula n'zosonkha makolo ndi abale. Kufulumira kwakeko ndi kumene madobadoba amadyerapo. Dobadoba ndi munthu woima pakati pa mwini nyumba ndi wofuna nyumba, yemwe amalipiritsa poonetsa chipinda ndipo nthawi zina amafunanso gawo lina zinthu zikatheka. Ena mwa iwo amagwira ntchito yawo mokhulupirika ndipo amadziwadi khomo lililonse la m'deralo, koma ntchitoyi aliyense akhoza kuiyamba m'mawa uno popanda womufunsa. Choopsa kwambiri ndi malonda a pa WhatsApp ndi Facebook, pomwe munthu amaika zithunzi za chipinda chokongola, n'kunena kuti ofuna ndi ambiri, n'kupempha kuti ndalama yogwirira malo itumizidwe pa Airtel Money kapena Mpamba, kenako foni yake osapezekanso. Njira yomwe imateteza ambiri ndi yakale ndithu: kufunsa ophunzira a zaka zapamwamba, bungwe la ophunzira kapena ofesi yoona za umoyo wa ophunzira pasukulupo, kupita kukaona chipindacho ndi maso, ndiponso kutsimikiza kwa anthu okhala pamalopo kuti wolandira ndalamayo ndi mwini nyumba weniweni kapena womuimira wodziwika. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo pankhani ya lendi wofunsidwa woyenera ndi mlendi amene akutuluka, popeza iye alibenso chobisa.

Mtengo womwe mwini nyumba amatchula poyamba si ndiwo ndalama zonse zomwe chipindacho chidzadye, ndipo apa ndi pomwe masamu a ophunzira ambiri amasokonekera. Choyamba kumveka bwino ndi chakuti mtengowo ndi wa chipinda chonse kapena wa bedi limodzi, chifukwa m'mahositelo a anthu wamba amalipiritsa mutu uliwonse, ndipo chipinda chomwe wophunzira adachiona chili ndi mabedi awiri chikhoza kudzakhala ndi anayi osanjikizana sukulu ikatsegulira. Kenako pali magetsi. Nyumba zambiri za m'tauni zili ndi mita ya ESCOM yolipiriratu, yomwe imafuna kugula mayunitsi magetsi asanagwiritsidwe ntchito, ndipo pamdadada mita imodzi imatha kudyetsa zipinda zonse, zomwe zimabweretsa mkangano wosatha pakati pa wophikira pa hotipuleti, wosita tsiku ndi tsiku ndi yemwe amangotchaja foni ndi laputopu. Eni nyumba ena amaletseratu hotipuleti, ndiye kuti wophunzira ayenera kuwerengeranso mbaula ndi makala, kapena kudya m'malesitilanti a m'mbali mwa msewu. Madzi nawo ali ndi mafunso awo: ngati mpopi uli pabwalo pomwepo, bilu ya bungwe la madzi, monga Southern Region Water Board ku Zomba kapena Blantyre Water Board, amalipira ndani, ndipo madzi akasiya kutuluka anthu amakatunga kuti?

Mtunda ndi mtengo wina wobisika. Chipinda chotsika mtengo chomwe chili kutali chimalipiritsa kusiyanako kudzera m'kabaza ndi minibasi, ndipo chimalandanso chinthu chomwe sichigulika, chomwe ndi maola a madzulo a ku laibulale ndi zokambirana za m'magulu, popeza wokhala kutali amakakamizika kunyamuka kusanade. Kwa ophunzira aakazi nkhaniyi ndi yaikulu koposa, chifukwa njira zambiri zolowera m'madera amenewa zilibe magetsi a mumsewu, ndipo nkhani za kulandidwa mafoni ndi malaputopu usiku n'zodziwika m'madera ambiri okhala ophunzira. Pachifukwa chimenechi mpanda, geti lotsekedwa usiku, mlonda, zitsulo za m'mawindo ndi loko wolimba n'zoyenera kuwerengedwa pamodzi ndi lendi, osati ngati zokongoletsa.

Nyumba imaoneka bwino m'chilimwe, koma mayeso ake enieni ndi dzinja. Woona chipinda mu Seputembala kapena Okutobala ayenera kuyang'ana zizindikiro zomwe mvula yapita idasiya, monga madontho akuda kudenga, nkhungu m'munsi mwa khoma, pulasitala wofufuma ndi ngalande zomwe zimaloza kukhomo. Namondwe wa Freddy, yemwe adagwetsa nyumba ndi kupha anthu ambiri ku Chilobwe ndi madera ena a m'mphepete mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, adaonetsa kuti malo pomwe nyumba yaima ndi ofunika mofanana ndi nyumbayo. Chimbudzi nacho sichiyenera kuchititsa manyazi kupempha kuchiona, ngakhale ambiri amangosuzumira m'chipinda n'kubwerera. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe udali woopsa kuposa ina yonse yomwe dziko lino lidaonapo, udafala kwambiri m'madera othithikana momwe anthu ambiri amadalira chimbudzi chimodzi ndi madzi osatetezeka, ndipo umo ndi momwe midadada ina ya ophunzira ilili.

Gawo lomwe limanyalanyazidwa kwambiri ndi pangano. Mwa chizolowezi, lendi zambiri za m'madera amenewa zimagwirizanidwa pakamwa, ndipo wachinyamata woleredwa mwaulemu amaona ngati kupempha bambo kapena mayi wamkulu kuti alembe zomwe anena ndi kuwakayikira. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, koma likavuta palibe chogwira, pamene pepala limodzi losainidwa ndi mbali zonse ziwiri pamaso pa mboni limathetsa mikangano yambiri isanayambe. Pepalalo liyenera kunena lendi ya pamwezi kapena ya pasemesita, tsiku lolipira, chiwerengero cha anthu ogona m'chipinda, wolipira magetsi ndi madzi, wokonza zowonongeka, nthawi ya notisi, yomwe ndi chidziwitso choperekedwa mbali ina ikafuna kuthetsa pangano, komanso za dipoziti, ndalama yachikole yomwe mwini nyumba amasunga ndipo amayenera kubweza mlendi akatuluka osawononga kanthu. Ndalama iliyonse yoperekedwa iyenera kukhala ndi lisiti, ndipo uthenga wotsimikizira wa pafoni ndi umboni wosayenera kufufutidwa.

Pali mfundo ziwiri zomwe pangano la wophunzira limasiyanirana ndi la mlendi wina aliyense. Yoyamba ndi tchuthi: eni nyumba ena amafuna lendi yonse ngakhale chipinda chili chotseka, ena amalandira theka ngati katundu watsalamo, ndipo ena amapereka chipindacho kwa wina. Funsoli limakula sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi, monga zidachitikira ku Chancellor College mu 2011 pamkangano wa ufulu wa aphunzitsi, kapena mu Malichi 2020 pamene boma lidatseka sukulu zonse chifukwa cha Covid-19, nthawi zomwe wolipiriratu miyezi ingapo ankatsala wopanda chonena ngati sadagwirizanepo kanthu. Yachiwiri ndi kukwera kwa lendi pakati pa chaka. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi chakudya idakwera, ndipo n'zomveka kuti mwini nyumba, yemwe nthawi zina ndi wopuma pantchito wodalira zipinda zakezo, afune kukweza. Chosayenera ndi kukweza popanda chidziwitso, sabata ya mayeso.

Ngongole ya bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, imathandiza ena pa fizi ndi ndalama zodzisamalira, koma siifikira aliyense ndipo tsiku lomwe imatuluka silimagwirizana nthawi zonse ndi tsiku la lendi, kotero wodalira ngongoleyi amachita bwino kumuuziratu mwini nyumba ndi kulemba zimenezo m'pangano. Ambiri amachepetsa mtolo pogawana chipinda ndi anzawo, ndipo pamenepo m'pofunika kumvana kuti mmodzi akasiya sukulu kapena akasamuka, gawo lake adzalipira ndani. Zinthu zikafika poipa, monga kutsekeredwa katundu kapena kukanizidwa dipoziti, madandaulo amayambira kwa mfumu kapena mtsogoleri wa deralo ndi ku ofesi yoona za ophunzira, ndipo akakanika kumeneko amapita ku khoti la majisitireti, komwe wopanda ndalama za loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.