Kandege Kakakana Kumvera Mwini Wake

Mwini wailesi aliyense amadziwa zimene zimachitika mabatire akayamba kutha. Mawu amasasa, nyimbo ikafika pokweza wailesi imachita ngati yatsamwa, ndipo wosadziwa amathamangira kunena kuti wailesiyo yafa, kapena kuti kunyumba youlutsira mawu zinthu zasokonekera. Chikhalirecho mlandu uli ndi mabatire. Kulakwitsa komweku kumawagwera anthu okonda kuulutsa tindege toyendetsedwa ndi wailesi, koma kwa iwo mtengo wake ndi wowawa, pakuti kandege kamene munthu wakhala akukamanga kwa miyezi kangathe kusanduka zibenthu m'kuphethira kwa diso.

Chichewa chinachita bwino kukhala ndi mawu amodzi akuti kuulutsa, pakuti pamasewerowa munthu amaulutsa uthenga ndi ndege pa nthawi imodzi. Bokosi limene amagwira m'manja, lotchedwa transmitter, ndi nyumba youlutsira yaing'ono. M'mimba mwa kandege muli kabokosi kena, kaŵirikaŵiri kosaposa bokosi la machesi, kotchedwa receiver. Kameneka ndi kawailesi ndithu, kungoti m'malo mwa nyimbo kamalandira malamulo. Kakalandira kamawapereka kwa timakina totchedwa servo, timene timakoka ndi kukankha tizitseko ta kumapiko ndi kumchira. Nzeruyi ndi yakale: Nikola Tesla anaonetsa kabwato koyendetsedwa ndi wailesi mumzinda wa New York mu 1898, ndipo ndege zopanda munthu m'kati zimene zinayamba kuyesedwa pabwalo la ndege la Kasungu mu 2017 ndi za fuko lomwelo. Tsono wailesi ya m'nyumba ikangoti zii kwa sekondi imodzi, womvera amangotaya liwu limodzi la nyimbo. Kandege kothamanga makilomita 60 pa ola kamakhala katayenda mamita pafupifupi 17 kopanda wokalamula.

Asanafufuze chilichonse, munthu wanzeru amayamba wachotsa propeller, chija chimakupiza mphepo kutsogoloku. Mota ya magetsi ilibe phokoso lochenjeza. Imangodzidzimuka, ndipo propeller wake amacheka chala ngati mpeni. Akatero amayatsa transmitter poyamba, kandege pambuyo, ndipo pozimitsa amayamba ndi kandege.

Vuto loyamba ndi lakuti kanyali ka pa receiver sikakuyaka n'komwe. Apa poyang'ana ndi pa mawaya. Pulagi iliyonse ili ndi mawaya atatu: wakuda kapena wofiirira, wofiira pakati, ndi wachitatu woyera, wachikasu kapena wonga lalanje, amene amanyamula uthenga. Waya wofiira, wobweretsa moto, anamuika pakati dala kuti munthu akalowetsa pulagi chozondotsa zinthu zisapse. Zimangokhala chete osagwira ntchito. Pulagi imodzi yotembenuzidwa yagulitsa anthu receiver watsopano pomwe wakaleyo analibe chilema.

Kanyali kakamayaka mophethira, servo osagwedezeka, ndiye kuti mabokosi aŵiriwo sanadziwane. Kale tindegeti tinkagwiritsa ntchito 27 MHz, 35 MHz ku Britain ndi 72 MHz ku America, ndipo mbali zonse ziŵiri zinkakhala ndi timiyala totchedwa crystal ta nambala yofanana. Anthu aŵiri akayatsa pa nambala imodzi, mmodzi ankagwetsa ndege ya mnzake, n'chifukwa chake pabwalo pankakhala bolodi la zikhomo: wopanda chikhomo cha nambala yake sankaloledwa kuyatsa. Kuyambira cha m'ma 2005 zipangizo za 2.4 GHz zinathetsa mkanganowo. Masiku ano receiver amaphunzitsidwa kamodzi kuzindikira transmitter wake, mwambo umene amautcha binding, ndipo kuyambira pamenepo samveranso wina. Komatu makampani salankhula chinenero chimodzi. Spektrum ali ndi DSMX, Futaba ali ndi FASST, FrSky ali ndi ACCST, ndipo transmitter wa chinenero china angafuule tsiku lonse receiver osamva kanthu. Mwambowo umakanikanso ngati mabokosi aŵiriwo agundizana, monga momwe munthu samva bwino wina akamukuwira m'khutu. Kutalikitsa mita imodzi kapena aŵiri kumathandiza.

Atadziwana, pamabwera chisokonezo cha matchanelo. Kwa Futaba tchanelo choyamba ndi cha tizitseko ta kumapiko ndipo chachitatu ndi cha mota. Kwa Spektrum mota ndiye woyamba. Wosintha kuchoka kwina kupita kwina osaŵerenga zolembedwa pa kabokosi amadabwa kuona phiko likugwedezeka pamene iye akufuna kuonjezera moto. Nako kachipangizo kolamula liŵiro la mota, kotchedwa ESC, kakamangolira osalola mota kuzungulira, kaŵirikaŵiri sikanafe ayi: kakukana dala chifukwa sikakuona kuti kandodo ka moto kali pansi, mwina poti tchanelocho n'chotembenuzidwa. Ndipo kuona kuti tizitseko tikugwedezeka sikokwanira. Munthu aime kumbuyo kwa kandege: akapendeketsa kandodo kumanja, kachitseko ka phiko lamanja kakwere, ka lamanzere katsike; akakokera kandodo kwa iye, kachitseko kopingasa ka kumchira kakwere. Kandege ka mapiko otembenuzidwa kamanyamuka bwinobwino, kenaka kamagudubuka pomwepo, mwini wake akulimbikira kukankhira kumbali imene ikukapha.

Zonsezi n'zooneka ndi maso patebulo. Vuto lozunza ndi lija lobisala: pansi zonse zili bwino, mumlengalenga kandege kakugontha mwadzidzidzi, ndipo mwini akakatola zibenthu n'kuyesanso, chilichonse chikugwira ntchito. Apa ndi pamene receiver amanamiziridwa koposa, ndipo ena amafika poganizira mnzawo kuti ndiye wawasokoneza.

Chimene chimachitika n'chakuti receiver wa masiku ano ndi kakompyuta. Amafuna mphamvu ya mavolti 5 kapena 6, ndipo ambiri, mphamvuyo ikatsika kufika cha pa mavolti 3.5, ngakhale kwa kanthaŵi kochepetsetsa, amazima n'kuyambanso. Pamene akudzuka ndi kufunafuna transmitter wake, kandege kalibe mwini. Tsono moto umene amadya receiver ndi womwewo umene amadya servo onse. Patebulo servo sagwira ntchito yolemetsa, pakuti palibe mphepo yolimbana nayo. Mumlengalenga, kandege kakamatsika mwaliŵiro mwini n'kukoka timitengo tonse nthaŵi imodzi, servo anayi kapena asanu amamwa moto wambiri pamodzi, mphamvu n'kugwa. Ndi kutsamwa kuja kwa wailesi ya mabatire otha nyimbo ikakwera.

Pa tindege ta magetsi, moto wa receiver umachokera m'kagawo ka ESC kotchedwa BEC, kamene kamatsitsa mphamvu ya batire lalikulu. Batire la LiPo la zigawo zitatu limapereka mavolti 11.1. BEC wa mtundu wosavuta, pofuna kupereka mavolti 5, otsalawo amangowasandutsa kutentha. Akatentha kwambiri amadziteteza podula moto, ndipo akazizira amayambanso ngati sanalakwe. Ndicho chifukwa chake mboni imakhala itasoŵa pofika pamalo a ngozi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofufuza amagwedeza timitengo tonse pamodzi, mofulumira, kwa mphindi imodzi kapena ziŵiri, uku akutsekereza pang'ono kachitseko ndi chala kuti servo amve kulemera, maso ali pa kanyali. Kanyaliko kakaphethira kapena servo akaima kwa kamphindi, wolakwa wapezeka. Amatcheranso khutu: servo wolira ngati njuchi pamene palibe womukhudza ndiye kuti kamtengo kake kakukakamira penapake, ndipo akumwa moto nthaŵi yonse. Mankhwala ake ndi kumasula pokakamirapo, kusintha switchi kapena pulagi yochita dzimbiri, ndi kupatsa receiver BEC wapadera wamphamvu kapena batire lakelake. Wochita zimenezi amasolola waya wofiira wa papulagi ya ESC, kuti magwero aŵiri a moto asalimbane.

Moto ukakhala wokwanira, chotsala ndi eliyo. Ya zipangizo zakale inali waya wotalika pafupifupi mita imodzi, wosayenera kudulidwa kapena kukulungidwa. Ya 2.4 GHz imanyenga ndi kuchepa kwake: mbali imene imamva ndi kansonga ka mamilimita pafupifupi 31 basi. Kansongako kakabisala kuseri kwa batire, mota, kapena thupi la carbon fibre, uthenga sufika. Receiver wa maeliyo aŵiri amafuna kuti ina iloze kutsogolo ina m'mbali, kuti kandege kakatembenuka imodzi izimvabe. Nayenso wogwira transmitter asaloze kandege ndi nsonga ya eliyo yake ngati mkondo, pakuti kunsongako ndi kumene mphamvu imatuluka yochepa.

Kuyesa mtunda kumachitika pansi. Ma transmitter ambiri ali ndi batani lochepetsa mphamvu. Mwini amalidina, naima patali mamita pafupifupi 30, mnzake atagwira kandege n'kumakatembenuza mbali zonse, poyamba mota itazima, kenaka ikuzungulira. Tizitseko tikanjenjemera kapena kuchedwa kumvera, tsiku limenelo kandege sikauluka, ngakhale anthu atasonkhana kudzaonerera.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amachinyalanyaza poti sichioneka kufikira tsiku loipa: zimene receiver adzachite uthenga ukasoŵeratu. Zimenezi amazitcha failsafe, ndipo pa zipangizo zambiri zimasungidwa pa nthaŵi ya binding. Wochita mwambowo kandodo ka moto kali pamwamba, kapena wotembenuza tchanelo cha mota pambuyo pake osaubwereza, waphunzitsa kandege kuti kakasoŵa mwini kathamange ndi mphamvu zonse, kaya kulinga kumsewu, kaya kudenga la munthu. Kuyesa kwake sikutenga mphindi: propeller atachotsedwa, mota ikuzungulira pang'ono, mwini azimitse transmitter. Mota iyenera kuima. Ikapanda kuima, binding ichitidwenso kandodo ka moto kali pansi penipeni.