Nyali zakumbuyo sizinama

Ndikamaonera mafilimu akale a ku America, maso anga amathamangira kumbuyo kwa galimoto. Tengani Bullitt ya 1968, momwe Steve McQueen amathamangitsana ndi zigawenga m'misewu yotsetsereka ya San Francisco. Ford Mustang yake yobiriwira anaichotsa chizindikiro cha kavalo kutsogolo, koma timizere titatu ta nyali mbali iliyonse timaiulula. Dodge Charger yakuda ya zigawengazo ili ndi nyali zozungulira, ziwiri uku ziwiri uku. Mukaona zazitali zopingasa, imeneyo ndi ya 1969, monga ya mu The Dukes of Hazzard. Kwa ine yokongola ndi Charger, ngakhale Mustang ija inagulidwa madola 3.74 miliyoni mu 2020.