Pamene Madzi Oundana Agogoda pa Ndege ya Dakota

Amuna amene anakalambira pa ntchito yoyendetsa ndege ya Douglas DC-3, imene inauluka koyamba m'chaka cha 1935, imenenso makolo athu anaiona ikutera pa bwalo la Chileka naitcha Dakota, ankaopa mtambo wooneka wofatsa wa nyengo yachisanu monga momwe ankaopera namondwe. Pakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mu mtambo wotere mumakhala timadontho ta madzi timene, ngakhale kuzizire kufikira pafupi madigiri 40 pansi pa ziro, timakhalabe madzi, koma tikangogundana ndi phiko la ndege timaundana pomwepo ndi kumatirira, kotero kuti phiko lija, limene mphamvu yake yonyamula ili m'kusalala ndi m'kaumbidwe kake, limayamba kulephera, ndege nilemera ngati yasenza katundu amene mwini wake sanamuyeze.

Pofuna kuthana ndi tsokali, kampani ya B.F. Goodrich ya ku Akron, m'chigawo cha Ohio, inakonza machubu a mphira omatidwa kutsogolo kwa mapiko ndi kwa mchira, amene akapopedwa mpweya amatupa ndi kuphwa mosinthana, madzi oundanawo nang'ambika ndi kuuluzika. Akale ankaphunzitsana kuti usafulumire kupopa, koma ulinde kufikira chikhakha cha madzi oundanawo chitakhuthala pang'ono, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo usiku woyendetsa ankasuzumira pa zenera, nawalitsa tochi pa phiko, kuyeza ndi diso lokha. Akatswiri a masiku ano, atafufuza ngozi zambiri, amalangiza kuti machubu ayambe ntchito chisanu chikangooneka.

Pa mapulopela ankathira sipiliti wodontha pang'onopang'ono kuchokera m'thanki, ndipo zibenthu za madzi oundana zikayamba kusomphoka, zinkamenya m'mbali mwa ndege ngati matalala pa denga la malata. Phokoso limeneli, limene linkanjenjemeretsa apaulendo, kwa woyendetsa linali uthenga wabwino wakuti mankhwala agwira. Kabureta ankaifunditsa ndi mpweya wotentha wa ku injini kuti isatsamwe, ndipo galasi lakutsogolo likachita khungu, ena ankatulutsa dzanja pa kazenera kam'mbali, napala ndi kachitsulo, zala zili gwa ndi chisanu. Ernest K. Gann, amene anayendetsa DC-2, anasimba za usiku wotere m'buku lake la 1961 lotchedwa Fate Is the Hunter.

Koma nzeru yaikulu imene akalewo anasiyira ana awo pa ntchito, imene oyendetsa ndege zakalezi kumpoto kwa Canada akuisungabe, ndi yakuti zida zonsezi sizigonjetsa chisanu, koma zimangompatsa munthu kanthawi kakuti akwere, atsike, kapena abwerere kumene wachokera, sipiliti asanathe m'thanki. Wokhulupirira mphira naumirira mu mtambo ayesa Mulungu. Wochenjera, akangomva kugogoda koyamba m'mbali mwa ndege, amayamba kufunafuna njira yotulukira.